Mmene mungalekanitsire makhadi a zamasewera a m'magazini osawaononga

Magazini ya ana ya ku America yotchedwa Sports Illustrated for Kids, yomwe inayamba kutuluka mu Januwale 1989, imabwera ndi pepala lokhuthala la makhadi a akatswiri a masewera. Kawirikawiri pamakhala makhadi 9, mizere itatu ya makhadi atatuatatu, ndipo pakati pa khadi ndi linzake pamadutsa mzere wa timabowo monga zimakhalira pa masitampu a ku positi. Popeza anapangira ana, ambiri anang'ambidwa mwaphuma n'kuthera m'matumba a kabudula, n'chifukwa chake otsala osawonongeka ndi ochepa ndipo ena ali ndi mtengo. Khadi la katswiri wa gofu Tiger Woods linatuluka m'magazini ya Disembala 1996, la katswiri wa mpira wamiyendo Mia Hamm mu 1992, la katswiri wa tenisi Serena Williams mu 1999, ndipo limodzi la Serena linagulidwa madola oposa 100,000 mu 2022. Musathamange mtima: ochuluka mwa makhadi amenewa ndi a ndalama zochepa. Komabe ngati m'bale wanu wakunja anakutumizirani magazini yotere, kapena mwaipeza pa mulu wa mabuku akale pamsika, khadi lililonse limalekanitsidwa kamodzi kokha. Likang'ambika molakwika, latha.

Musanagwire kalikonse, dzifunseni ngati kulekanitsako kukufunikadi. Alipo osonkhanitsa makhadi amene amafuna pepala lonse losalekanitsa, ena amafuna magazini yathunthu pepala lili momwemo. Ngati simukufuna kugulitsa khadi limodzi palokha kapena kulitumiza kuti akaliyese, lisiyeni. Ine ndimalangiza kuti amene akukayika asang'ambe, chifukwa pepala lathunthu mutha kulilekanitsa chaka chamawa, pomwe lolekanitsa kale simungalilumikizenso.

Kuyesa kumene ndikunenaku kumachitidwa ndi makampani monga PSA, SGC ndi Beckett. Amayang'ana makona, m'mphepete, nkhope ya khadi, komanso ngati chithunzi chili pakati penipeni, kenako amapereka nambala yofika mpaka 10. Pa zinayi zimenezi, chomalizacho si cha inu. Ngati makina anaboola timabowo mopendekera, chithunzi chikhala chopendekera ngakhale mutasamala motani, ndipo musayese kuwongola pong'amba pambali pa mzere. Zitatu zinazo zili m'manja mwanu.

Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa ali ndi cholinga chabwino. Amaona kuti kung'amba kusiya timano m'mphepete, ndiye amatenga sizasi kapena lezala kuti padulike mosalala. Ayi ndithu. Khadi la mtundu uwu limayenera kukhala ndi timano take. Woyesa akaona m'mphepete mosalala pamene panayenera kukhala timano, amalitenga kuti ladulidwa, ndipo khadi lodulidwa limatsika mtengo kwambiri kapena kukanidwa nambala kumene. N'chimodzimodzinso kumeta timano totalika mutalekanitsa kale, kapena kukhula ndi chikhadabo kuti tilingane. Timano tisiyeni mmene tatulukira.

Tsopano ntchito yake. Sankhani tsiku louma. Pepala limayamwa chinyezi, ndipo lonyowa silithyoka bwino pa timabowo, limangonyenyeka n'kusiya ubweya woyera m'mphepete. Kwathu kuno m'nyengo ya dzinja, mvula ikamagwa usana ndi usiku, ndi bwino kudikira kapena kusunga kaye pepalalo masiku angapo m'bokosi lotseka bwino momwe mwaikamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. Musaliyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula, limapindika ndi kufwifwa. Sambani m'manja ndi sopo, umitsani bwino, ndipo musadzole mafuta. Chala cha mafuta chimasiya chidindo pa nkhope yonyezimira ya khadi. Tebulo likhale lolimba, losalala, lopukuta, muyalepo pepala loyera. Kamchenga kamodzi pansi pa khadi n'kokwanira kulikala.

Yambani ndi kuchotsa pepala lonse m'magazini. Ngati lagwidwa ndi timawaya tapakati, musakoke. Tsegulani magazini pakati penipeni, dzutsani miyendo ya timawaya ndi kampeni kosathwa, kenako muzule masamba pang'onopang'ono mpaka pepala la makhadi lituluke lokha. Kung'amba khadi pepala likadali m'magazini kumapinda makhadi oyandikana nalo chifukwa pansi pamakhala potukuka.

Chinsinsi chonse chili pa kufooketsa mzere musanakoke. Pakati pa bowo ndi bowo pali kamlatho kakang'ono ka pepala, ndipo mukangokoka osapinda, mphamvu imafalikira paliponse, kung'ambika kumatha kuchoka pa mzere n'kulowa m'chithunzi. Mukapinda, timilatho timeneti timathyoka ulusi wake pang'onopang'ono mpaka mzerewo ukhale malo ofooka kuposa ena onse. Ndiye gonekani pepala, sankhani mzere umodzi wautali wodutsa kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete, mupinde motsatira timabowo. Poyamba pindani pang'ono chabe, osafikitsa pansi, muone ngati pepala likugonjera pa timabowo penipeni utali wonse. Pena limafuna kupindika pambali pang'ono, makamaka pamene makina sanaboole mokwanira. Mukaona zotero bwererani, muike zala zonse ziwiri pafupi ndi malowo, mulitsogolere. Likalola, pindani mpaka pansi, mubwezere mbali inayo, n'kubwereza kangapo. Osasisita mpindowo ndi chikhadabo kapena ndalama yachitsulo, inki imasupuka. Kusindikiza ndi nsonga yofewa ya chala n'kokwanira.

Mudzadziwa kuti mzere wafooka mokwanira pamene mbali ziwirizo zikulendewera zokha osalimbalimba, ndipo mukayang'ana poyera timilatho tikuoneka toyera, topyapyala. Mapepala a zaka zosiyana amasiyana kukhuthala, choncho musawerenge kuti mwapinda kangati, muzimvera pepala. Mudzaonanso kuti mizere yoyimirira ndi yopingasa sifewa mofanana, chifukwa ulusi wa pepala umagona mbali imodzi. Mzere wouma mtimawo upatseni nthawi yake.

Pokoka, pepala ligone pansi. Dzanja limodzi lipanikize mbali imodzi, zala zili pafupi kwenikweni ndi mzere, linalo likokere mbali inayo kunja motsetsereka patebulo, osati kunyamulira m'mwamba monga mmene timang'ambira tsamba la kope. Kunyamula kumasenda nkhope ya khadi. Yambirani kumapeto kumodzi, mulole timilatho tiduke kamodzikamodzi, ndipo zala zizitsatira pamene kung'ambika kwafika. Mukamva kuti palimba, imani pomwepo, mupindenso malowo. Ena amagoneka rula yachitsulo pa mzere kuti iwatsogolere. Imathandiza pamene timabowo n'tosaboola bwino, koma imadinda khadi mukapanikiza, ndiye ngati mwaigwiritsa ntchito igone kumsana kwa pepala, pansi pake pali kapepala koyera, ndipo ipanikize mbali imene kulibe khadi lomwe mukulifuna kwambiri.

Dongosolo lake ndi ili: chotsani kaye mzere wathunthu wa makhadi atatu, kenako mulekanitse limodzilimodzi. Musayese kubudula khadi limodzi pakati pa anzake, chifukwa pamphambano pamene makona anayi akumana m'pomwe pamawonongeka kwambiri. Kona ya khadi lina imatsalira pa linzake, kapena imapindika n'kuyera. Mukamayandikira mphambano chepetsani liwiro, chala chachikulu chitsindire kona ya khadi lofunikalo. Khadi lapakati pa onse lili ndi timabowo mbali zonse zinayi ndi mphambano zinayi, motero ndi lovuta kuposa ena. Ngati katswiri amene mukumufuna ali pamenepo, dziwiranitu kuti mwina mutaya kona ya khadi loyandikana nalo, ndipo ndi bwino kusankhiratu lomwe mungalolere kuti lipwetekeke.

Ngati muli ndi mapepala angapo, yambani ndi lomwe mulibe nalo ntchito kuti manja azolowere.

Khadi likangochoka, ligwireni m'mbali mopepuka ndi kulilowetsa m'kathumba kofewa ka pulasitiki kopangira makhadi, komwe ogulitsa amati penny sleeve. Kukula kwa khadi ndi pafupifupi masentimita 6.4 m'lifupi ndi 8.9 m'litali, ndipo timatumba timeneti anatipima mogwirizana. Vuto ndi timano, timakola pakamwa pa kathumba n'kupindika. Tsegulani pakamwapo ndi chala, kapena chekani pang'ono kona imodzi ya kathumba, mulowetse kona imodzi ya khadi poyamba. Kenako kathumbako kalowe m'chikhokho cholimba chotchedwa toploader. Osalowetsa khadi lamaliseche m'cholimbacho, chimalikala. Ngati zimenezi sizikupezeka kwanuko, likulungeni m'pepala loyera losalembapo, muliike pakati pa makatoni awiri osalala.

Pali chizolowezi chathu china chimene chimathandiza pa satifiketi koma pano n'choononga: kulamineta. Khadi lomatidwa pulasitiki yamoto silichokanso, ndipo kwa ogula silikhalanso ndi mtengo. Selotepi nayo ayi, labala yomangira ayi, guluu womatira mu alubamu ayi. Sungani m'bokosi lotseka, pamalo okwera, kutali ndi khoma lomwe limanyowa nthawi ya mvula komanso kutali ndi windo lolowa dzuwa. Mphemvu ndi chiswe zimadya pepala lotere, ndiye muzitsegula bokosilo nthawi ndi nthawi, makamaka mvula ikangoyamba, n'kusintha timapaketi toyamwa chinyezi.