Momwe mungasankhire pulinta yotsika mtengo yosindikizira zithunzi ndi zimbale pakhomo

Chiyambireni kusindikiza zithunzi za paukwati ndi zimbale za kwaya yathu kuchipinda kwanga, funso lomwe anthu sasiya kundifunsa ndi limodzi: tigule pulinta iti? Ena amandigwira potuluka m'tchalitchi, ena pa WhatsApp pakati pa usiku. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomutumizira linki.

Ndikudziwa, wina anena kuti zimbale zinatha, masiku ano ndi fulashi ndi memori khadi. Zoona ndithu. Koma makwaya akugulitsabe zimbale pa tsiku lokhazikitsa nyimbo zawo, ndipo kanema wa ukwati kapena wa chinkhoswe makolo amamufunabe pa DVD. Chimbale cholembedwa ndi maka anthu amachipempha ulere. Chomwecho chikakhala ndi chithunzi cha kwaya pamwamba, amatulutsa ndalama osawiringula.

1. Funsani kaye ngati imalowa chimbale

Pulinta zambiri zomwe zili m'mashopu sizisindikiza pa chimbale, ngakhale pa katoni patalembedwa mawu akuti photo. Yosindikiza pa chimbale imakhala ndi kathireyi kakekake ka pulasitiki, kokhala ndi malo ozungulira a masentimita 12 pomwe chimbale chimagona, komanso kampata kutsogolo kolowetsera kathireyiko. Ngati ziwirizi palibe, musamvere zoti "pali njira yake".

Zotchuka za Epson monga L3210 ndi L3250 ndi zabwino pa homuweki ya ana ndi mafotokope, koma chimbale sizilowa. Canon G540 ndi G640 zimatulutsa zithunzi zokongola kwambiri, koma nazonso chimbale ayi. Zomwe zimalowa ndi izi: Epson L800 yakale ija, L805 yomwe inalowa m'malo mwake, L850 yomwe ili ndi sikana pamwamba, ndi L8050 yatsopanoko. Ku Canon kuli iP7240 ndi TS704. Dziwani kuti L805 ndi L8050 ndi zosindikiza basi, sizipanga fotokope. Ndaonapo munthu akubwerera nayo kushopu chifukwa cha zimenezi, wogulitsa n'kumuonetsa risiti.

2. Katiriji kapena matanki

Apa ndi pomwe ndalama zimabisala. Pulinta ya makatiriji mtengo wake pashelefu umakopa, koma katiriji ndi kabokosi ka inki wochepa zedi, ndipo chithunzi chodzaza pepala lonse chimamwa inki ngati mchenga wa m'chilimwe. Canon iP7240 imafuna makatiriji 5, wina wa PGI-450 ndi ena 4 a CLI-451. Funsani mtengo wa onse asanu pamodzi, muyerekeze ndi mtengo wa pulintayo. Mukamva yankho mudzakhala pansi.

Ya matanki mumathira inki kuchokera m'botolo. Botolo la L805, lomwe nambala yake ndi 673, ndi la mamililita 70, ndipo la L8050, nambala 108, ndi chimodzimodzi. Pogula imadula, koma ngati mukusindikiza zithunzi sabata ndi sabata, ndi yomwe imatchipa pamapeto pake. Ya makatiriji imayenera munthu wosindikiza zimbale 20 pa chaka ndi zithunzi za pa Khirisimasi zokha.

Mitengo sindiika pano dala. Kuchokera pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wolembedwa lero umakhala bodza pofika mwezi wa mawa, ndipo mashopu awiri oyandikana ku Limbe akhoza kusiyana ngati ali m'maiko awiri. Yendani mashopu atatu, ndipo m'shopu iliyonse funsani mtengo wa inki musanafunse wa pulinta. Shopu yogulitsa pulinta koma yosasunga inki wake, tulukanimo.

Palinso amisiri omwe amatenga pulinta ya makatiriji n'kuilumikiza timatanki ta pambali ndi timapaipi. Zimagwira, sindikana, koma timapaipito tikalowa mphepo kapena kupindika, mudzakhala mukupukuta inki patebulo m'malo mosindikiza.

3. Mitundu 4 kapena 6

Pulinta wamba ili ndi inki wakuda, wachikasu, cyan (wabuluu) ndi magenta (wapinki). L800, L805, L850 ndi L8050 zimawonjezera light cyan ndi light magenta. Awiri opepukawa ntchito yawo imaonekera pa nkhope za anthu, pa thambo ndi pa diresi yoyera ya mkwatibwi, pomwe mtundu umasintha pang'onopang'ono. Popanda iwo timadontho timaoneka mukayandikira chithunzi. Pa chimbale kusiyanako n'kochepa, koma ngati mukufuna kumatolanso ma passport size, tengani ya 6.

Inki wa mapulinta amenewa ndi wa dye. Amawala bwino pa pepala lonyezimira, koma dzuwa ndi mdani wake. Chithunzi chopachikidwa pa khoma loyang'ana zenera popanda galasi chimafwifwa. Auzeni makasitomala aziika mu fulemu kapena mu alubamu.

4. Yachokera kuti

Magetsi athu ndi a mavoti 230. Pulinta yotumizidwa ndi wachibale wa ku America ikhoza kukhala ya 110 kapena 120, ndiye werengani kachikwangwani kakumbuyo musanailumikize. Ya ku Joni ilibe vuto la mavoti, pulagi yokha ndi yomwe imakhala ya mano ozungulira, n'kungosintha chingwe.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti makatiriji amayendera dera. iP7250 ya ku UK ndi iP7240 ya kuno n'zofanana ngati mapasa, koma ya ku UK imafuna 550 ndi 551, ndipo 450 ndi 451 idzazikana. Mwana wanu wa ku Manchester akakutumizirani pulinta, muuzeni kuti wadzilembetsa ntchito yotumiza makatiriji moyo wake wonse. L8050 nayo yogulitsidwa ku Asia imalembedwa inki wa 057, osati 108. Onani nambala yomwe yalembedwa pa matanki, mutsimikize kuti ikupezeka kwanuko.

5. Iyeseni musanapereke ndalama

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pomwe ndinadya phula.

Pulinta yanga yoyamba ndinagula yogwiritsidwa kale ntchito kwa mkulu wina yemwe ndinamupeza m'gulu la malonda pa intaneti. Tinakumana pakhonde la shopu ya mnzake. "Bwana, iyi yangofika kumene kuchokera ku Joni, mwini wake anangosindikizira zithunzi za ana basi." Analumikiza laputopu yake, n'kutulutsa chithunzi cha maluwa ofiira ndi achikasu. Chinali chokongola. Nditafunsa za kathireyi, anati kali kunyumba, abweretsa mawa. Anandiwonjezeranso mabotolo 6 a inki opanda zolemba zilizonse, akuti basela. Ndinalipira, n'kuinyamula pamiyendo m'minibasi ndikumwetulira.

Mawa lakelo silinafike mpaka lero. Foni inayamba kungoitana, kenako inasiya kupezeka. Kathireyi ndinakasaka milungu itatu, ndipo nditakapeza kwa msiri wina yemwe anakachotsa pa pulinta yakufa, ananditchaja ngati akugulitsa mbuzi.

Vuto lalikulu linali lina. Chithunzi choyamba cha anthu chomwe ndinasindikiza, cha amayi a kwaya atavala yunifolomu, nkhope zonse zinatuluka ndi timizere ngati malata. Maluwa aja sanali mwangozi. Mitundu yolimba yofiira ndi yachikasu imabisa timabowo totsekeka ta inki wopepuka, ndipo mkulu uja ankadziwa bwino lomwe chithunzi choti andionetse.

Chomwe ndinayenera kuchita n'chosavuta ndipo sichitha mphindi ziwiri. Pulinta iliyonse ya inki ili ndi chotchedwa nozzle check, chimapezeka mu dalaivala, pulogalamu yoyendetsera pulintayo pa kompyuta, pa gawo la Maintenance. Imasindikiza timizere topendekeka ta mtundu uliwonse pa pepala wamba. Mizere yonse ikuyenera kukhala yathunthu. Ponyotsoka paliponse ndiye kuti kabowo ka pa hedi, kachipangizo kolavulira inki pa pepala, katsekeka. Pa pulinta ya mitundu 6 werengani kuti magulu alipo 6, ndipo yang'anitsitsani opepuka aja poyera, chifukwa m'shopu ya mdima saoneka bwino. Ngati pali mipata, uzani wogulitsa atsuke hedi kamodzi inu mukuona, asindikizenso. Mipata ikatha, palibe vuto, inali inki wouma chabe. Ikakhala pamalo omwewo pambuyo potsuka kawiri, bwezani ndalama m'thumba. Hedi ya Epson ndi yomangirira m'kati, si yongozula ngati katiriji, ndipo yatsopano mtengo wake umayandikira wa pulinta ina yakale.

Ine sindinkadziwa zonsezi, ndiye ndinayamba kutsuka. Kamodzi, kawiri, kakhumi usiku umodzi. Sindinkadziwanso kuti inki yense wotsukira uja amapita pa kathonje kali pansi m'kati mwa pulinta, ndipo makinawo amawerenga. Nambala ikakwana, amaima. Zinandichitikira Lachinayi, mwambo wa kwaya uli Lamulungu, zimbale 60 zili mbwee pamphasa. Timagetsi tiwiri tinangoyamba kuphethira mosinthana, kompyuta n'kulemba kuti ink pad, kathonje kaja, yafika kumapeto. Ndinathamangira kwa msiri, yemwe anabwezera nambalayo pa ziro ndi pulogalamu yake, koma anandionetsa kathonje kali chinyezi ndi inki mpaka kudontha. Kubwezera nambala osasintha kathonje n'kungochedwetsa tsiku lomwe inki adzatayikire pa nsalu ya patebulo ya mayi a kunyumba. Inki wa basela uja anamununkhiza n'kupukusa mutu. Mitundu iwiri inali yofanana, wina anangothira madzi kuti ukhale "light".

Ndiye ngati mukugula yakale, pitani ndi laputopu yanu ili ndi dalaivala kale, pepala lanu la zithunzi, chimbale chimodzi chosalemba, ndi chithunzi chanu chokhala ndi nkhope zapafupi. Kathireyi kakhale m'manja mwanu tsiku lomwelo, ndipo chimbale chisindikizidwe inu muli pompo, chifukwa timawilo tokoka kathireyi nato timatha. Funsani ngati nambala ya kathonje inabwezedwapo. Tsegulani chivindikiro, muone ngati m'kati muli madontho a inki paliponse. Wogulitsa akayamba za "magetsi kulibe, mukayesera kunyumba", inunso mulibe ndalama, mudzabwera magetsi akayaka.

Ubwino wa L8050 pa nkhani iyi ndi woti inki wotsukira amapita m'kabokosi komwe mumatha kuchotsa nokha n'kuika kena, osafuna msiri. Kwa ine chimenechi chokha n'chifukwa chokwanira choonjezera ndalama.

Yatsopano ya m'katoni siyesedwa m'shopu chifukwa matanki amakhala opanda kanthu. Onetsetsani kuti mabotolo onse ndi kathireyi zilimo, risiti ikhale ndi serial number, ndipo funsani kuti ikavuta mupita nayo kuti.

6. Ulendo wa kunyumba ndi kuthira inki

Inyamuleni chogona, isapendekeke, ndipo pa kabaza isakwere. Zina zili ndi kaloko pambali pa matanki kotseka inki paulendo. Mukafika musaiwale kutsegula, apo ayi mudzasindikiza mapepala oyera n'kuyamba kutukwana osalakwa. Pothira inki koyamba, pulinta imakoka inki kwa mphindi zingapo, zina mpaka pafupifupi 20, ndipo siyenera kuzima. Chitani zimenezi nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi sathawa, kapena ilumikizeni ku UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi. Za dalaivala ndi Wi-Fi sindinena, mukudziwa kale.

7. Zimbale ndi mapepala

Gulani zimbale zolembedwa inkjet printable, za pamwamba poyera pokhakhala pang'ono. Zasiliva zonyezimira inki samata, mudzangodetsa zala. Anyamata ena a mumsika amaika zoyera zisanu pamwamba pa mulu, zapansi zonse zasiliva, choncho tsegulani muone. CD-R imalowa 700MB, DVD-R imalowa 4.7GB. Ikani nyimbo kaye, muzimvetsere, kusindikiza kubwere pambuyo. Yezani bwalo la pakati pa chimbale ndi rula, mulembe mamilimita ake mu pulogalamu ya Epson Print CD kapena Epson Photo+, chifukwa zimbale zina n'zoyera mpaka pafupi ndi kabowo, zina ayi. Mukaphonya, inki amagwera pa pulasitiki. Zisiyeni ziume tsiku lathunthu musanaziike m'mapaketi.

Pepala la zithunzi tengani lonyezimira la 200gsm kupita m'mwamba, ndipo muuze dalaivala mtundu wa pepala lomwe mwaika. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna mapikiselo 1200 kwa 1800. Cha pa WhatsApp chimafika chofinyidwa, auzeni atumize ngati document.

8. Kusamala

Sindikizani kanthu ka mitundu yonse kamodzi pa sabata kuti hedi isaume. Zimitsani pa batani lake, osati pa khoma. Ivindikireni ndi chitenje, makamaka mu October fumbi likachuluka. Inki asatsike kupyola mzere wapansi wa thanki, ndipo musasakanize wa makampani awiri.

Amene mukufuna A3 ya makalendala, Epson L1800 ilibe kathireyi ka chimbale, L18050 ili nako. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, ndili ndi zithunzi za chinkhoswe cha Loweruka zoti ndidule.