Kasungidwe ka zikombole ndi madayi a m'fakitale

Malangizo awa ndawamasulira kuchokera m'kabuku ka Chingerezi kamene kamabwera ndi zikombole zoumbira katundu wa pulasitiki. Anandituma ndi bwana wa fakitale ina ya ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, yopanga ndowa, mabeseni ndi zivundikiro. Akutumiza zikombole zina kwa anzawo ku Chipata, ndiye akufuna amisiri a kumeneko adziwerengere okha. Ndalemba ndi "ch" wathu wa kuno. Inu a ku Zambia mumalemba "cikombole", koma mawu ndi omwewo. Masamba onena za kuvala magolovesi ndi kuzimitsa makina musanapisemo dzanja ndawadumpha. Zimenezo kapitawo anakuuzani tsiku lomwe munayamba ntchito.

Mawu oti chikombole tonse tinawadziwira pa njerwa, ndipo sindinavutike kufuna ena. Chino ndi chitsulo cha mbali ziwiri: chikatsekeka, makina amakankhiramo pulasitiki wosungunuka, akazizira chimatseguka, ndowa n'kugwa. Koma musachiyese thabwa la kudambo lija. Chitsulo cha masentimita 40 m'litali, m'lifupi ndi msinkhu chimalemera pafupifupi makilogalamu 500. Amene anandizunguza mutu ndi dayi. Ndinayamba ndalemba "chodulira", n'kufufuta, chifukwa dayi amadula lata inde, koma amalipindanso, kuliboola ndi kuliumba. Amisiri a ku Luwinga amangoti dayi, ndiye ndasiya choncho.

Ndime yoyamba yofunika ndi iyi, ndipo ndaisunga monga ilili. Musanachotse chikombole pa makina, imitsani madzi ozizira ndipo chisiyeni chifike pa kutentha kwa m'chipinda. Tulutsani madzi onse m'njira zoziziritsira pogwiritsa ntchito mpweya wa kompuresa mpaka ziume. Tsekani pakamwa pa njira iliyonse.

Kabukuka kapatsa nkhani imeneyi mizere itatu yokha, koma zikombole zambiri zimafera pomwepa. M'kati mwa chitsulocho anaboolamo timipita todutsa madzi oziziritsa pulasitiki. Chikombole chikachoka pa makina chili chozizira, chimachita thukuta ngati botolo lochoka m'firiji, ndipo mukachitseka thukutalo limatsekeredwa pankhope penipeni pamene pamaumba katundu. Amisiri akale amachita chonchi: amatseka madzi, n'kuumbabe katundu pang'ono kuti chitsulo chifunde, kenako ndiye amachimasula. Popemerera mpweya, ikani nsanza yoyera potulukira. Nsanza ikamanyowabe, simunathe. Yambirani mpita umodziumodzi, osati yonse pamodzi, chifukwa mpweya umangothawira kumene kuli kotakasuka n'kusiya madzi pokhota.

Ndinaziona ndekha pa fakitale ina kuno. Lachisanu madzulo m'mwezi wa Febuluwale magetsi anathima, anyamata n'kutsitsa chikombole cha zivundikiro mothamanga, osapemerera, poti kompuresa nayo inali itazima. Anati adzachita Lolemba. Chinakhala pakona mpaka Juni. Pochitsegula, pankhope panali mawanga ofiira, ndipo mumpita wina mumatuluka matope a dzimbiri, limene ena a inu mumati nguwe. Madzi samadutsanso bwino mbali imodzi, zivundikiro n'kumatuluka zopindika, zosagwira pa ndowa. Magetsi akakuthimirani, lembani ndi choko pachikombolepo kuti MULI MADZI, ndipo chisapite ku shelefu.

Kutsuka. Chotsani zotsalira zonse za pulasitiki ndi litsiro la mpweya wake, makamaka m'timizere ta m'mphepete totulutsira mpweya. Gwiritsani ntchito mankhwala otsukira zikombole ndi nsalu yofewa yosathothoka ulusi. Ngati mumaumba pulasitiki wa mtundu wa PVC, musachedwe ngakhale usiku umodzi: PVC akatentha amatulutsa mpweya wa asidi, ndipo asidiyo akakumana ndi chinyezi amadya chitsulo mwamsanga. Pulasitiki wokakamira mugobeni ndi kachitsulo ka mkuwa. Sikuludiraiva kapena msomali zimasiya chipsera chimene chidzaoneke pa beseni lililonse lotuluka mmenemo. Malo osalala ngati galasi musawagwire ndi dzanja. Thukuta la chala lili ndi mchere, ndipo chidindo chanu chidzatsala pomwepo chitasanduka dzimbiri.

Tsopano mafuta. Kabukuka kakutchula mankhwala opopera oteteza ku dzimbiri, ndipo kakuti apakidwe mopyapyala pa mbali zonse ziwiri chitsulo chitauma. Apa ndiwonjezere zanga, popeza ndikudziwa zimene timachita zinthu zikasowa. Oyilo wakuda wochoka m'galimoto, amene anthu amapaka pa zikombole za mabuloko a simenti, asayandikire kuno. Muli mwaye, tizitsulo ndi asidi. Mafuta aja opopera pomasula mabawuti olimba nawonso ndi opyapyala kwambiri, sangakutetezereni chikombole dzinja lonse. Girizi apite pa mapini akuluakulu olondolera mbali ziwirizo. Pa timapini tokankha katundu pakani pang'ono chabe, mukachulutsa adzatulukira pa katundu wanu sabata yathunthu.

Mukatero tsekani chikombole, mumange kachitsulo kolumikiza mbali ziwiri kuti zisatseguke ponyamula. Katundu womaliza kuumbidwa, pamodzi ndi phesi lake (pulasitiki woumira m'njira yolowera m'chikombole), muikeni m'thumba ndi kumangirira pachikombolepo. Mmisiri wodzachitsegula akangomuyang'ana adzadziwa ngati panali kutayikira m'mphepete kapena pini yokhota. Pa chikwangwani lembani nambala, kulemera kwake, tsiku lochitsitsa ndi vuto lililonse limene munaona.

Malo osungira akhale ouma, aukhondo ndi osasinthasintha kutentha. Chinyezi cha mumpweya chisapitirire 50 peresenti. Ndime imeneyi ndinaimasulira ndikuseka. Chitsulo chimayamba kuchita dzimbiri msanga chinyezi chikapyola 60 peresenti, ndipo kuno ku Mzuzu mvula imakanirira mpaka Epulo, kenako n'kubwera nkhungu ndi mawawa a nyengo yozizira, zovala osauma pachingwe. Ku Chipata mumapumako m'chilimwe, koma dzinja lanu nalonso silisewera. Poti makina oumitsa mpweya ndi odula, tetezani chikombole chilichonse pachokha. Chikulungeni mu pepala kapena thumba la VCI. Dzinali ndalisiya: ndi pepala lotulutsa nthunzi yosaoneka imene imakuta chitsulo kuti dzimbiri lisagwire, ndipo limagwira ntchito pokhapokha thumba litatsekedwa. Ikanimonso timapaketi ta silika toyamwa chinyezi. Kukulunga chitsulo chonyowa m'pulasitiki wamba n'koipa kuposa kuchisiya pamtunda.

Pansi pa simenti ayi, simenti imatulutsa chinyontho. Ikani pa mapaleti kapena pa mashelefu achitsulo olembedwa kulemera kumene angasenze, zolemera m'munsi, ndipo musasanjikize. Zitalikire khomo, denga lodontha, mabatire, feteleza ndi mchere. Miyezi itatu iliyonse wina azisuzumira.

Madayi amatsata zonsezi, kupatula za madzi. Chotsani tizidutswa ta lata totsalira m'mabowo. Pakati pa mbali ya pamwamba ndi ya pansi ikani zitsulo zotchingira kuti mano odula asakhudzane, ndiponso kuti masipiling'i asakhale opanikizika miyezi yonseyo. Madayi ena ali ndi masilinda a mpweya wa nayitirojeni m'malo mwa masipiling'i. Mphamvu yake ndi yoopsa, musawamasule ngati simunaphunzitsidwe.

Ponyamula, gwiritsani ntchito mabawuti a mphete a msinkhu woyenera, omangidwa mpaka phewa lake ligunde chitsulo. Unyolo ukoke cholunjika m'mwamba, chifukwa bawuti yotere ikakokedwa chammbali mphamvu yake imachepa kwambiri. Munthu asaime pansi pake, ndipo musachiongole ndi phazi.

Zikombolezi zikakufikani kumeneko, musachotse thumba pabwalo lole ikangoima. Zilowetseni m'nyumba zigone usiku umodzi, kuti chitsulo chifanane ndi mpweya wa m'chipindamo. M'mawa pukutani mankhwala a dzimbiri aja, dutsitsani madzi mumpita uliwonse muone ngati akutuluka mwamphamvu, ndipo ndowa zoyambirira muziike padera, zimatuluka ndi mafuta.