Yambani ndi ngalande, phula libwera pambuyo

Inu amene mumalemba ndondomeko yokonza misewu, musayambe ndi kufunsa kuti msewu wowonongeka kwambiri ndi uti. Funsani za umene ukadali bwino koma wayamba ming'alu. Anthu sakondwera nazo, poti wodandaula amaloza pamene pali maenje, koma ndalama zomangiranso kilomita imodzi yotheratu zikhoza kupulumutsa makilomita angapo ongofunika kumata ndi kuthira phula lopyapyala pamwamba. Mu 1988 a World Bank anawerengera kuti maiko 85 ongotukuka kumene anataya misewu ya madola 45 biliyoni, pamene kuisamalira nthawi yake kukanadya ndalama zosafika 12 biliyoni.

Chimene chimapha msewu ndi madzi. Akalowa pa mng'alu amafewetsa miyala ndi dothi la pansi, matayala n'kumapondaponda pomwepo mpaka phula kuphwasuka. Ndiye ngalande ndi makalavati zichotsedwe mchenga ndi zinyalala mvula isanagwe, ming'alu imatidwe kukadali kouma. Ntchitoyi ndi ya fosholo ndi wilibala, ilibe mwambo wodula riboni, mwina n'chifukwa chake imayamba kufufutidwa bajeti ikachepa. M'malo otsetsereka bzalani vetiva kuti dothi lisakokolokere mu ngalande ndi m'mitsinje. Udzu wa m'mbali muzitchetcha, osapalira.

Masikelo oyezera malole nawo alowe mu ndondomeko. Kafukufuku wa AASHO, bungwe la akuluakulu oyang'anira misewu ku America, amene anachitikira m'chigawo cha Illinois kuyambira 1958 mpaka 1960 anasonyeza kuti katundu wa pa ekiselo akachuluka kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumachuluka pafupifupi ka 16.

Phula lakale musalitaye kutchire. Likapalidwa ndi makina limasakanizidwa ndi latsopano n'kubwerera pamsewu, ndipo miyala yoswa kumapiri, malole oituta ndi dizilo zonse zimachepa. Maenje amene mwakumbamo dothi awerengeredwe mu kontilakiti yokonza msewuwo, ndipo kontilakitala asalandire malipiro omaliza asanawakwirire. Akasiyidwa amasanduka madziwe a udzudzu, ana n'kumamiramo.

Musanatumize makina, khalani pansi ndi a mapaipi a madzi komanso a mawaya a magetsi ndi mafoni. Iwo akumbe kaye, inu muthire phula pambuyo. Ntchito zonse za chigawo chimodzi zigwiridwe ulendo umodzi, kuti makina asamapite n'kubwereranso ndipo magalimoto asamaime pamzere injini zikulira.