Inu mukumva koma simukumveka: mmene mungapezere vuto la maikolofoni ya m'chisoti

Dandaulo lomwe ndimalimva kawirikawiri kwa anzathu oyendetsa njinga zamoto, makamaka akabaza ndi operekera katundu ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndi ili: nyimbo zikulira bwinobwino m'chisoti, kasitomala akayimba akumveka, koma iyeyo akungoti halo, halo, mpaka kudula foni. Ambiri akafika apa amati chipangizo cha Bluetooth cha m'chisoti chafa, n'kuyamba kusunga ndalama yogulira china. Ena amalowetsa foni m'chisoti n'kuyipanikiza pakhutu njinga ikuyenda, zomwe ndi zoopsa kuposa vuto lenilenilo.

Musathamangire kusitolo, abale anga. Mawu anu asanafike kwa kasitomala amadutsa malo atatu: maikolofoni ndi waya wake, kabokosi ka Bluetooth kokhala pambali pa chisoti, kenako foni. Mukadziwa pamene mawuwo akutsakamira, nthawi zambiri mupeza kuti kukonza kwake sikulira ngakhale kwacha imodzi.

Chinthu choyamba kuchimvetsa ndi chakuti kulira kwa nyimbo sikutsimikizira kanthu za maikolofoni. Bluetooth ili ndi njira zosiyana zoyendetsera mawu. Nyimbo zimayenda pa njira yotchedwa A2DP, ndipo njirayi ndi yopita kumodzi kokha, kuchokera pafoni kupita m'masipika. Kulankhulana pafoni kumayenda pa njira ina yotchedwa HFP, ndipo iyi ndiyo imanyamula mawu anu kuchokera pa maikolofoni. N'zotheka ndithu njira imodzi kulumikizika inayo osalumikizika. Ndiye munthu akandiuza kuti "koma nyimbo zikumveka", ndimadziwa kuti masipika ali bwino ndipo batire lili ndi moto, basi.

Yesani mutaima, injini mutazimitsa

Imikani njinga pamalo opanda phokoso. Valani chisoti, yimbirani mnzanu woleza mtima, ndipo akayankha mupatse munthu wina foni yanu apite nayo pataliko, ngati mamita 5, kapena ayilowetse m'nyumba. Musapitirire mamita 10, chifukwa Bluetooth ya mafoni ambiri imathera chapompo. Tsopano lankhulani motsitsa mawu, kenako kandani kasiponji ka maikolofoni ndi chikhadabo, n'kufunsa mnzanuyo zomwe akumva.

Akamva mawu anu ndi kukandako, ndiye kuti maikolofoni ndi yamoyo, ndipo vuto lanu limabwera njinga ikamayenda. Akamva phokoso la pamene pali foniyo, monga ana akusewera kapena wailesi ya m'nyumba, koma inuyo osakumvani, ndiye kuti foni ikugwiritsa ntchito maikolofoni yakeyake, ya m'chisotiyo yaisiya. Akati kwangoti zii, vuto lili pa maikolofoni, pa waya, pa pulagi, kapena mwina maikolofoniyo yatsekedwa ndi batani. Chifukwa chopititsira foni kutali ndi chimenechi: ikakhala m'thumba la jekete imatola mawu anu pang'onopang'ono, mnzanu n'kumati "ukumveka chapatali", inu n'kumaganiza kuti maikolofoni ya m'chisoti yafooka pamene sikugwira ntchito n'komwe.

Musayese ndi pulogalamu yojambulira mawu ya pafoni. Mapulogalamu ambiri otere amajambula ndi maikolofoni ya foniyo ngakhale Bluetooth ili yolumikizika, ndiye angakusocheretseni.

Ngati pa siteji panu pali mnzanu yemwe ali ndi chipangizo cholumikizika ndi chanu, yesani kulankhulana chisoti ndi chisoti popanda foni. Akakumvani bwino, maikolofoni, waya ndi kabokosi zonse zapambana mayeso, kwatsala foni. Ngati palibe, bwerekani foni ya munthu wina, ilumikizeni ndi chisoti chanu, muyimbenso. Mayeso awiriwa amatenga mphindi zochepa, koma amakupulumutsani ku kugula chinthu chomwe sichinawonongeke.

Vuto likakhala pafoni

Pa foni za Android, kaya ndi Tecno, itel, Infinix kapena Samsung, lowani pa Bluetooth, dinani kachizindikiro kali pambali pa dzina la chipangizo chanu. Mupeza timaswitchi tiwiri, kena ka mafoni oyimba, komwe kamalembedwa kuti "Calls" kapena "Phone calls", ndi kena ka nyimbo, "Media audio". Onetsetsani kuti tonse tayatsidwa. Pa iPhone, foni ikalowa dinani batani losankhira kumene mawu akutulukira, musankhe dzina la chipangizo cha m'chisoti.

Kenako onani zina zonse zomwe foniyo yalumikizana nazo. Wotchi ya pamkono yoyankhira foni, timahedifoni tosiyidwa m'thumba titatuluka m'kabokosi kake, ngakhale wailesi ya galimoto ya kunyumba mukayandikira, zonsezi zitha kulanda njira ya HFP. Zimitsani zonse, musiye chisoti chokha.

Pali msampha wina womwe umagwira anthu ogula zipangizo zakale kwa anzawo popanda kabuku ka malangizo. Zipangizo zambiri za kampani ya Sena zili ndi njira zingapo zolumikizira: ina yolumikiza foni mokwanira, ina ya mafoni oyimba okha, ina ya nyimbo zokha, inanso ya GPS. Mukalumikiza kudzera pa ya nyimbo zokha, nyimbo zizilira mpaka kalekale koma maikolofoni sidzagwira pafoni. Mankhwala ake ndi kufufuta chipangizocho pafoni, kufufutanso mndandanda wa mafoni m'kabokosi, kuzimitsa zonse ziwiri, n'kulumikiza mwatsopano pa njira yolumikiza foni mokwanira ija. Kufufuta mbali imodzi yokha nthawi zambiri sikuthandiza.

Makasitomala ambiri masiku ano amayimba pa WhatsApp. Ngati foni wamba ikumveka koma ya WhatsApp ayi, vuto likhoza kukhala chilolezo. Lowani pa zilolezo za pulogalamuyo, mulole maikolofoni. Kuyambira pa Android 12, yomwe inatuluka mu 2021, palinso chilolezo cha "Nearby devices" chomwe pulogalamu imachifuna kuti igwire ntchito ndi zipangizo za Bluetooth, komanso mafoni ena ali ndi kaswitchi kotseka maikolofoni ya foni yonse, komwe kangadinike mwangozi foni ili m'thumba. Kadontho kobiriwira pakona ya sikirini ya Android, kapena kachikasu chofiirira pa iPhone, kamasonyeza kuti pulogalamu ina ikugwiritsa ntchito maikolofoni. Kakamayaka inu musakuyimba, tsekani mapulogalamu onse, muzimitse foni n'kuiyatsanso.

Musaiwale netiweki. Mawu oduladula pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, monga m'chigwa kapena kuseri kwa phiri, si vuto la chisoti. Zimitsani Bluetooth muyimbe ndi foni yokha pamalo omwewo, mumve ngati pali kusiyana.

Vuto likakhala m'chisoti

Apa ndi pamene ndimapeza zolakwika zambiri, ndipo ndikupemphani mudekhe pofufuza.

Maikolofoni za m'zisoti zilipo za mitundu iwiri. Ina ili pa kamtengo kopindika, yopangira zisoti zotseguka kumaso ndi zija zotukula chibwano. Ina ndi kabatani kakang'ono ka pa waya, komata mkati mwa chibwano cha chisoti chotseka nkhope yonse. Mukamata ya pa waya pa chisoti chotseguka, imakhala kutali ndi pakamwa ndipo imangomwa mphepo.

Maikolofoni ili ndi kumaso ndi kumbuyo. Imapangidwa kuti itole mawu a mbali imodzi n'kuchepetsa phokoso la mbali inayo, ndiye mukaitembenuza imatola bwino injini ndi msewu, mawu anu n'kuwataya. Chotsani kasiponji muyang'ane. Pa za kampani ya Cardo pamakhala kachizindikiro kachikasu ka makona atatu, ndipo kameneka kayang'ane kukamwa kwanu. Pa za Sena za pa kamtengo pamakhala kamphuno kotumphuka komwe kamayenera kuyang'ana kunja, kutali ndi milomo, ndipo mutha kukamva ndi chala ngakhale kasiponji kali pomwepo. Pa zotchipa zopanda dzina lodziwika, yesani mbali zonse ziwiri mnzanu akumvetsera. Kamtengo kaja kamapotoka pang'onopang'ono chifukwa chovala ndi kuvula chisoti maulendo ambiri patsiku, choncho maikolofoni yomwe inali bwino mwezi watha ikhoza kukhala itatembenuka lero.

Italikirane ndi milomo ngati chala chimodzi kapena ziwiri, chapambali pang'ono kuti mpweya wa m'mphuno usamawombe pomwepo. Ikatsikira pansi pa chibwano kapena kubisika kuseri kwa nsalu ya patsaya, mawu amatuluka ngati a munthu wolankhulira m'mtsuko.

Kasiponji kaja anthu amakapeputsa, koma kamagwira ntchito yaikulu. Kakasowa, mphepo imawomba pa maikolofoni mwachindunji, ndipo kabokosi poyesa kuchotsa phokosolo kamadula ndi mawu anu omwe. Kakakhalapo koma kali kodzaza fumbi la mwezi wa September ndi October losakanikirana ndi thukuta ndi mate, kamauma gwa ngati chikopa n'kutseka mawu. Kachotseni, kachapeni ndi madzi a sopo pang'ono, kaume kotheratu musanakabwezere. Timabowo ta maikolofoniyo tipukuteni ndi mswachi wofewa wouma. Musalowetsemo singano kapena waya, mkatimo muli kachikopa kopyapyala kwambiri komwe kakabooka sikakonzeka.

Tsopano tsatirani waya kuchokera pa maikolofoni mpaka pa kabokosi. Zulani pulagi, muyang'ane ngati muli zobiriwira kapena zoyera za dzimbiri, zomwe zimachuluka nyengo ya mvula. Pukutani ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi spiriti, kabokosi katazimitsidwa, mudikire paume, mubwezere mpaka pulagiyo ilowe yonse. Pulagi yolowa theka ndiyo imachititsa zoti lero zikugwira mawa ayi. Ngati kabokosi kanu kamachoka pa chogwirira chake, pukutaninso timapini tachitsulo tokhudzana pamenepo, ndipo muone ngati kena sikanalowe mkati n'kukanirira.

Waya woduka mkati saoneka ndi maso. Yimbiraninso mnzanu, muzilankhula mosalekeza uku mukupinda wayayo pang'onopang'ono malo ndi malo. Pamene mawu adukire kapena kuthetheka ndi pamene pali bala. Malo omwe amakonda kuduka ndi pafupi ndi pulagi, m'munsi mwa kamtengo, ndi pamene chibwano cha chisoti chotukula chimapana waya potseka. Chizolowezi chokoleka chisoti pa kalilole kapena pa chiwongolero chimaphanso mawaya ambiri, chifukwa chitsulocho chimalowa mkati n'kukoka chilichonse chomwe chakumana nacho.

Zipangizo zina zili ndi batani lotseka maikolofoni, ndipo ndi magolovesi n'kosavuta kulidina osadziwa. Kuzimitsa kabokosi n'kukayatsanso kumathetsa zimenezi pa zambiri. Za Sena zambiri zilinso ndi "Sidetone", yomwe ikayatsidwa mumadzimva nokha m'masipika mukamalankhula pafoni. Ndi njira yabwino yosunthira maikolofoni mpaka mutapeza malo ake enieni.

Zogwira mutaima koma zokana mukamayenda

Ili ndi vuto la mphepo kapena la magetsi. Tsekani kabowo kolowetsa mpweya ka pachibwano, chifukwa kamaponyera mphepo pa maikolofoni penipeni, ndipo tsitsani galasi la chisoti. Ngati chisoti chanu chinabwera ndi kansalu kotchinga pansi pa chibwano, kabwezereni. Pa chisoti chotseguka kumaso, vomerezani kuti liwiro likakwera mawu azivuta ngakhale chipangizo chikhale chodula bwanji.

Mnzanu akamva kulira kopyapyala komwe kumakwera mukawonjezera moto, zulani chaja ya USB ya panjinga muyesenso. Machaja otchipa amalowetsa phokoso la magetsi a injini m'chipangizo chomwe akutchaja. Ndi bwino kutchaja kabokosi usiku kunyumba kusiyana n'kuyenda nako kali pa waya.

Foni ikhale m'thumba la kutsogolo kapena pa chogwirira cha pa chiwongolero. Bluetooth imayenda pa mafunde a 2.4 GHz, ndipo thupi la munthu limawatchinga mafundewa. Foni yokhala m'thumba la kumbuyo kwa thalauza, inu mutaikhalira, kumbuyo kuli pasenjala, imaduladula mawu.

Zonsezi zikakanika

Apa ndiye mungakhudze pulogalamu ya m'kabokosi. Sena ndi Cardo ali ndi mapulogalamu awo a pafoni ndi a pakompyuta oikira pulogalamu yatsopano m'kabokosi, ndipo izi zimathandiza makamaka vuto likayamba foni itangosinthidwa kapena itangolandira Android kapena iOS yatsopano. Tchajani batire lidzaze musanayambe, ndipo musazule waya pakati pa ntchitoyo. Ngati chipangizo chanu chili ndi "HD Voice", njira yomveketsa bwino mawu a pafoni, yesani kuizimitsa, chifukwa mafoni ena samagwirizana nayo bwino. Chomalizira ndi kubwezera kabokosi mmene kanachokera ku fakitale, podziwa kuti mulumikizanso chilichonse kuyambira pachiyambi.

Mayeso akaloza pa maikolofoni yeniyeniyo, gulani maikolofoni yokha, osati chipangizo chonse. Tengani yakaleyo popita kogula, chifukwa mapulagi a makampani osiyana sagwirizana, ndipo ngakhale kampani imodzi imasintha pulagi pa mitundu yake. Ngati waya waduka pamalo ofikirika, okonza mafoni a mumsika atha kuwulumikiza ndi mtovu n'kukulunga bwino. Kabokosi komwe kalowa madzi kazimitseni pomwepo, musakatchaje, kaume masiku angapo pamthunzi podutsa mphepo musanakayese.

Mukakonza, mayeso omaliza muchitire pa msewu wopanda magalimoto ambiri, mnzanu ndiye ayimbe, inu mungoyankha ndi batani la pachisoti. Njinga yoyenda pa liwiro la makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, ndiye ngati mawu akanikanso panjira, patukani muime musanakhudze foni kapena kusuntha maikolofoni.