Momwe mungawerengere mtengo wa furnace ya mafuta musanasinthane ndi aneba

Kuno ku Massachusetts, Maine ndi madera ena a New England ku America, nyumba zambiri zakale zimatenthetsedwa ndi mafuta. Masiku ano eni nyumba ambiri akuika heat pump, makina amagetsi otenthetsa nyumba, ndiye furnace yakale, ng'anjo yamafuta yotenthetsera nyumba, ikusowa kopita. Aneba akhoza kukuuzani kuti muitenge, inu muwapatse makina ochotsera chipale chofewa kapena muwapentere nyumba. Musavomere msanga, yambani mwadziwa mtengo wake.

Choyamba, pitani nawo kuchipinda chapansi muli ndi tochi, ndipo furnace ikhale isanamasulidwe. Ikakhala kuti anaimasula kale n'kuisiya m'galaja, palibe angakuuzeni ngati imayaka bwino, ndipo mtengo wake ndi wa zitsulo zakutha basi. Jambulani kachikwangwani kachitsulo kamene kali pathupi pake. Pamenepo pali dzina la kampani, mphamvu yake mu BTU (muyezo wa kutentha kumene imatulutsa) ndi nambala yosonyeza chaka chimene inapangidwa. Furnace ya mafuta yosamalidwa bwino imatha zaka pafupifupi 20. Kuyambira 2013 zatsopano zimayenera kukhala ndi AFUE yosachepera 83%, kutanthauza kuti pa mafuta a $100, a $83 ndi amene amatenthetsa nyumba, otsalawo amathawira kuchumuni. Zakale kwambiri zimamwa mafuta kuposa apa.

Chachiwiri, werengani kakhadi kamene amisiri amapachika pambali. Mmisiri aliyense akabwera amalembapo tsiku, kuti wasintha nozzle (kapaipi kopopera mafuta pamoto) ndi sefa ya mafuta, komanso zimene wapeza atayeza utsi. Ngati khadi likudumpha zaka zitatu kapena zinayi, tsitsani mtengo. Onaninso dzina la burner, chipangizo chimene chimayatsa mafuta. Beckett, Riello ndi Carlin sizivuta zipangizo zake.

Tsopano pofunika penipeni ndi heat exchanger. Ichi ndi chitsulo chimene chimalekanitsa moto ndi utsi ku mpweya umene fani imakankhira m'zipinda. Chikachita mng'alu, utsi umalowa m'nyumba limodzi ndi carbon monoxide, mpweya wopanda fungo womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Kwa ife zinavuta pomwepa. Furnace imene tinasinthana inali yoyera kunja, ikuyaka bwinobwino, ndipo aneba athu sankadziwa kanthu. Mng'alu unali kumbuyo, wopyapyala, wotseguka pokhapokha chitsulo chikatentha. Tinaudziwa itaikidwa kale m'nyumba mwathu, alamu ya carbon monoxide italira usiku ana ali mtulo. Ndalama ya mmisiri woika inapita, ndipo zinatenga nthawi kuti ife ndi anebawo tiyambirenso kuchezerana momasuka.

Ndiye chitani izi. Yatsani furnace, muime pakhomo lotulukira mpweya m'chipinda chochezera, mudikire fani iyambe. Mukamva kafungo ka mafuta kapena ka utsi nthawi imeneyo, chenjerani. Pukutani m'mphepete mwa khomolo ndi kansalu koyera. Fumbi wamba ndi lotuwa, mwaye ndi wakuda ndipo umamata kuchala. Yang'ananinso dzimbiri ndi mizere yakuda pafupi ndi kazenera koonera moto. Koma maso anu sakwanira. Itanani mmisiri wa laisensi, amene si mnzake wa wogulitsa, ayeze utsi ndi makina ake fani isanayambe ndiponso itayamba. Manambala akasintha fani ikangoyamba, mpweya ukudutsa pamene suyenera kudutsa. Atsegulenso zitseko zotsukira n'kulowetsamo kamera. Mugawane ndalama yake ndi anebawo, pakuti nonse mukufuna choonadi. Akapeza mng'alu, nkhani yathera pomwepo. Musamvere amene amati aziwotcherera motchipa, furnace yotere siyenera kulowa m'nyumba ya munthu.

Kuli anthu pa Facebook Marketplace ndi Craigslist amene amatola furnace zotayidwa, kuzipukuta n'kuzilemba kuti zangogwira ntchito zaka ziwiri. Mitengo yawo musaitenge ngati muyezo. Onani zimene zakhala milungu osagulidwa, mudziwa kuti msika wa zinthuzi ndi wozizira. Ndipo wina akamadina batani lofiira la pa burner kawirikawiri kuti iyake, muletseni. Kudina kulikonse kumathira mafuta m'kati, ndipo ikadzayaka imayaka moopsa.

Zikakhala kuti zonse zili bwino, masamu ndi osavuta. Funsani mtengo wa yatsopano yofanana nayo, wopanda ndalama yoikira. Tiyerekeze kuti ndi $3,000 ndipo ya aneba yatha zaka 10 pa 20, kwatsala $1,500. Ine ndimadulanso pakati, chifukwa chitsimikizo cha kampani nthawi zambiri sichitsatira furnace kunyumba ina. Pa $750 yotsalayo chotsani ndalama yomasulira ndi kunyamula. Imene yapitirira zaka 15, chamtengo ndi burner yokha.

Thanki ya mafuta muiwerengere payokha. Zambiri ndi za magaloni 275, ndipo zimachita dzimbiri kuyambira m'kati chifukwa madzi amakhala pansi pa mafuta. Thanki yakale ine sindilandira ngakhale yaulere. Mafuta otsalamo werengani pamtengo wa tsikulo, kupatula a pansi amatope.

Musanagwirane chanza, imbirani woika, chifukwa amisiri ambiri amakana kuika furnace yogwirapo kale ntchito. Ku Massachusetts pamafunika mmisiri wa laisensi ndi chilolezo cha ozimitsa moto. Ayezenso ngati ikwana pamalopo komanso ngati BTU yake ikugwirizana ndi kukula kwa nyumba yanu. Chinthu chimene inu mukupereka muchiwerengere mtengo mwa njira yomweyi, kusiyana kwake wina awonjezere ndalama. Lembani pa pepala zimene mwasinthana ndi zimene mmisiri anapeza, nonse musainire, ndipo mugule alamu ya carbon monoxide furnace isanayatsidwe.