Musanagumule khitchini, werengerani kaye izi

Ambiri akafuna kukonzanso khitchini amathamangira matailosi ndi makabati, zinthu zooneka ndi maso, kenako ndalama n'kuthera panjira. Yambani ndi zobisika. Itanani pulambala ndi wamagetsi aone mapaipi ndi mawaya musanagule chilichonse, chifukwa paipi yodontha m'kati mwa khoma idzakugumulitsani matailosi atsopano omwewo. Ngati sinki ili pamalo abwino, isiyeni pomwepo. Kuisuntha kumafuna mapaipi ena, kukumba pansi ndi simenti yowonjezera.

Mmisiri akulembereni mtengo wa zipangizo padera, wa ntchito yake padera. Zipangizozo kaguleni nokha mutafunsa mitengo m'mahadiweya angapo, ndipo malipiro muzipereka pang'onopang'ono, ntchito ikamaoneka. Mmisiri wolipidwiratu zonse savuta kusowa.

Mitengo kuno ku Malawi siikhazikika. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Choncho mipopi, sinki ndi matailosi guliranitu ndalama zikapezeka. Pa matailosi onjezerani bokosi limodzi, poti ena amasweka podula, ndipo mtundu womwewo mwina simudzaupezanso. Simenti yokha musaunjike. Ikakhalitsa, makamaka m'dzinja, imakoka chinyezi n'kuuma m'thumba momwemo.

Makabati a chipboard (matabwa opangidwa ndi tizidutswa ta mitengo tomatidwa ndi guluu) ndi otchipa, inde, koma pansi pa sinki amafufuma akangonyowa. Pamenepo ikani matabwa enieni kapena mumangitse ndi njerwa. Pa ndalama zonse patulani gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi, osaiwala makala kapena gasi wophikira panja masiku amene khitchini ili chigumulire.