Mawu oti "look forward to": mmene mungawalembere bwino potseka kalata

Munthu wochokera ku Malawi akafika ku Chipata savutika ndi chilankhulo. Pamsika wa Kapata, m'galimoto yopita ku Mwami, kutchalitchi, pamaliro, Chinyanja cha kuno ndi Chichewa cha kwathu zimamvana ngati ana a bere limodzi. Zinthu zimasintha nkhani ikafika papepala. Kalata yofunsira ntchito, yopempha malo a mwana kusukulu, yopita kwa eni nyumba kapena ku ofesi ya boma imafuna Chingerezi, poti ndicho chilankhulo cha boma m'Zambia monganso kwathu. Ndipo makalata ambiri otere amathera pa mawu amodzimodzi, aja oti "look forward to". Ali kumapeto, ndiye ndi amene wowerenga amatsala nawo m'maso poika kalata pansi. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndi pomweponso anthu ambiri, ngakhale amene anafika patali ndi sukulu, amapunthwa.

Tiyambe ndi tanthauzo. Mukawagawa, "look" ndi kuyang'ana, "forward" ndi kutsogolo. Koma atatuwa akakhala pamodzi sakamba za maso ayi. Amatanthauza kuyembekezera chinthu mtima uli wokondwa, monga mlimi amene wamaliza kugalauza ndipo akungoyang'ana kumwamba kuti mvula yoyamba igwe liti. Sungani mfundo ya kukondwayi, tibwererako.

Cholakwika chachikulu ndi ichi: "I look forward to hear from you". Choyenera ndi "I look forward to hearing from you". Kusiyana kwake ndi zilembo zitatu zokha, koma amene amalandira makalata ambiri pa tsiku amaziona msanga.

Chimene dzanja limalakwira n'chomveka. Kusukulu tonse tinaphunzira kuti pambuyo pa "to" mneni amabwera yekha, wosavala kanthu: "to go", "to eat", "I want to hear". Lamulo limenelo ndi loona, koma si la "to" aliyense. M'Chingerezi muli a "to" awiri ofanana nkhope. Wina ndi uja wa "I want to go". Winayo ndi mperekezi, wolozera kumene chinthu chalunjika, ngati mu "I am going to Lundazi". Wa mu "look forward to" ndi wachiwiriyu. Amaloza kumene mtima wanu walunjika, ndipo pambuyo pake pamayenera kubwera dzina la chinthu: "your reply", "the meeting", "the holiday". Mneni akafuna kukhala pamalo amenewo ayenera kuvala "-ing" kuti agwire ntchito ya dzina.

Ifeyo kusiyanaku sitikumva m'khutu chifukwa Chichewa sichisiyanitsa. Timati "ndikufuna kudya", n'kunenanso kuti "kudya kwapsa". Liwu ndi limodzi, "kudya", koma koyamba ndi ntchito, kachiwiri ndi dzina. Chingerezi chili ndi mawu awiri pamene ife tili ndi limodzi, "to eat" ndi "eating". Choncho amene walakwa pano si mbuli. Wangotsatira khutu la chilankhulo chake.

Pali kayesedwe kosavuta kamene mungachite musanatumize. Chotsani mneni amene ali pambuyo pa "to", muikepo liwu loti "Christmas". "I look forward to Christmas" zikumveka bwino, ndiye kuti pamenepo ndi malo a dzina, mneni avale "-ing". "I want to Christmas" sizikumveka, ndiye kuti mneni abwere yekha. Kayesedwe komweka kakuthandizani pa mawu ena a mtundu womwewu amene amapezeka m'makalata ofunsira ntchito, monga "I am used to working long hours" ndi "I am committed to serving customers".

Nazi ziganizo zimene mungatenge momwe zilili. Kwa a hedi, mutapempha malo a mwana:

I look forward to hearing from you.

Kwa abwana amene akuitanani ku intaviyu:

I look forward to meeting you on Monday.

Kwa amene mumapikulako katundu:

We look forward to receiving the goods.

Ngati "-ing" ikukusokonezani, ithaweni polemba dzina basi: "I look forward to your reply". Chiganizo chimenechi ndi chachifupi, ndi chaulemu, ndipo mulibe polakwira. Ife timachikonda kuposa chija chotalika chimene ambiri anachiloweza pamtima, chodzaza ndi "humble" ndi "favourable consideration". Ulemu wa m'kalata ya Chingerezi suli m'kuchuluka kwa mawu odzichepetsa. Uli m'kunena zomveka ndi kusataya nthawi ya wowerenga.

Samalani ndi kaliwu koti "from". "Hearing from you" ndi kulandira yankho lanu. "Hearing you" ndi kumva mawu anu ndi khutu, ngati mukuimba kwaya. "Hearing about you" ndi kumva mbiri yanu kwa anthu ena. M'kalata mukufuna choyambacho.

Cholakwika chachiwiri ndi kuika "for" m'malo mwa "to": "I am looking forward for your response". Chimachokera ku mawu ena oyandikana nawo, "look for", amene ndi kufunafuna, monga mu "I am looking for a house in Kapata", komanso "wait for", kudikira. Pambuyo pa "forward" pamabwera "to" nthawi zonse. Ena amasiya "to" yense, n'kutseka ndi "Looking forward" basi. Pa WhatsApp mnzanu amva chimene mukutanthauza, koma m'kalata ya ku ofesi chiganizocho chaduka mchira.

Pa kalembedwe ka "-ing" tidutsepo mwachangu. Mneni wothera ndi "e" wosamveka amataya "e" ameneyo: "receive" amakhala "receiving", "come" amakhala "coming". Koma "see" amasunga onse awiri, "seeing". "Get" ndi "begin" amabwereza chilembo chomaliza, "getting", "beginning". "Travelling" ali ndi "l" awiri m'kalembedwe ka ku Britain kamene sukulu za ku Zambia ndi ku Malawi zimatsata. Ndipo "forward" ali ndi "r" awiri. Woyambayo ndi amene amasowa kawirikawiri, chifukwa polankhula samveka.

Tsono pali funso la ulemu. "I look forward to" ndi "I am looking forward to" onse ndi olondola, koma savala zofanana. Woyamba wavala jekete: ndi wa ku ofesi, kwa munthu amene simudziwana naye, kwa akuluakulu. Wachiwiri ndi wapafupi, wa kwa munthu amene munaonanapo kale, mnzanu wa kuntchito kapena abusa a mpingo wanu. Wachitatu, wopanda "I am", ndi wa pafoni: "Looking forward to seeing you at Kulamba", kwa msuweni amene akubwera ku Mkaika mwezi wa Ogasiti. Chosatheka ndi kusakaniza awiri oyambawo. "I am look forward" ndi "I looking forward" onse ndi olakwika. Mukaika "am", "look" avale "-ing". Mukachotsa "am", "look" akhale yekha. Musadabwe kuona "-ing" kawiri m'chiganizo chimodzi, monga "I am looking forward to seeing you". Ndi mmene chiyenera kukhalira.

Tibwerere ku nkhani ya kukondwa ija, chifukwa pano cholakwika sichikhala cha galamala chokha, chimatha kupweteka mtima wa munthu. Liwu lathu loti "kuyembekezera" ndi lotakata. Timayembekezera basi, timayembekezera malipiro, timayembekezera thupi la malemu kuti lifike kuchokera ku Lusaka. Chingerezi chimagawa ntchito zimenezi. Kudikira wamba ndi "wait for": "I am waiting for the bus". Kudziwa kuti chinthu chichitika ndi "expect": "I expect the parcel on Friday". "Look forward to" ndi wa zokoma zokha. Munthu wolembera anamfedwa kuti "I look forward to the funeral" amakhala akutanthauza zabwino, kuti adzapezekapo, koma wowerenga amva ngati malirowo amukondweretsa. Lembani kuti "I will attend the funeral" kapena "I will be with you on Saturday". Chimodzimodzi za milandu, za opaleshoni, za kuchotsedwa ntchito. Amayi adziwenso kuti "I am expecting", popanda kutchula chimene akuyembekezacho, amatanthauza pathupi, ndendende ngati tikamati uje ndi woyembekezera.

Mukafuna kupepesa kuti simufika, mawuwa amathandiza kwambiri mukawabweza m'mbuyo: "I was looking forward to attending the wedding, but my permit is not yet ready". Eni ukwati amamva kuti mtima unalipo, chakuletsani ndi china.

Ochita malonda amawagwiritsanso ntchito pokumbutsa ngongole mwaulemu, ndipo ndi njira yabwino pa uthenga woyamba. Koma pamenepa mawu okoma okha sakwanira, muikemo ndalama ndi tsiku: "I look forward to receiving the balance of ZMW 1,500 by 30 June". Taonani zinthu ziwiri. Mayiko onse awiri ndalama yake ndi kwacha, ndipo mphamvu zake n'zosiyana kutali, choncho "K" yekha angayambitse mkangano pakati pa wa ku Chipata ndi wa ku Mchinji. Lembani ZMW pa ya Zambia, MWK pa ya Malawi. Mwezi nawo ulembeni m'mawu. Tsikulo likadutsa osalipidwa, uthenga wachiwiri usabwerezenso "look forward to", chifukwa mawuwa amapempha, salamula. Nenani mosapita m'mbali kuti "Please pay the balance by 7 July".

Pansi pa chiganizo chotsekachi pamabwera malonje omaliza. Ngati munayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam", tsekani ndi "Yours faithfully". Ngati munatchula dzina la munthuyo, tsekani ndi "Yours sincerely". Kenako siginecha, dzina lanu lonse m'zilembo zooneka bwino, ndi nambala ya foni ya ku Zambia imene imagwira.

Ambiri timakalembetsa makalata m'timashopu ta makompyuta m'tauni, wina akutaipa ife titaima kumbuyo kwake. Musadalire kuti makina akugwirirani cholakwika chimenechi. "Hear" ndi liwu lolembedwa bwino, "for" nayenso, ndiye kamzere kofiira kaja nthawi zambiri sikaoneka pansi pake. Asanasindikize, apempheni akutembenuzireni sikirini, muike chala pa mzere womaliza, muone "r" woyamba mu "forward", muone kuti wotsatira ndi "to", muone "-ing". Akasindikiza kale, pepala lachiwiri mulipiranso.